Malikisi a pulojekiti ya pagulu asamapitenso kwa wogula tchipisi

Dzulo mphwanga, yemwe ali chaka chachitatu pa maphunziro a kompyuta, anandiimbira akudandaula kuti anzake amusiyira pulojekiti yonse. Ndinayamba ndaseka kaye, chifukwa nkhani yakeyo ndi yathu yomwe ija.

Ife tili pa sukulu, pa gulu lathu tinalipo asanu. Anatipatsa ntchito yopanga sisitimu ya banki m'khonde: ndani wasonkha zingati, ndani wakongola, chiwongoladzanja chafika pati. Paja amati mutu umodzi susenza denga, koma lathu linasenzedwa ndi mutu umodzi, wa mnyamata wina wofatsa amene ankagona 3 koloko m'bandakucha. Wina ntchito yake inali yogula bandulo. Wina ankabwera ndi tchipisi n'kumatilimbitsa mtima. Ine ndinalemba lipoti la zinthu zimene sindinkazimvetsa. Code, malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu, tinkapatsirana pa flash ndi pa WhatsApp, mafayilo ake mayina oti "final", "final2", "final_yeniyeni". Tsiku loonetsa, laputopu ya mnyamata uja inakana kuyaka, ndipo pa makina athu ena onse pulogalamu sinatseguke n'komwe. Tinachonderera, tinaonetsa mawa lake, tonse asanu n'kupata malikisi ofanana. Mpaka lero ndikakumana naye ndimachita manyazi.

Musandimve molakwa, ntchito za pagulu zisathe ayi. Kuntchito palibe amene amalemba pulogalamu yaikulu yekha. Changa n'chakuti mphunzitsi akamangoonera chionetsero cha mphindi 15 kumapeto kwa semesita, amakhala akuyesa luso la munthu mmodzi, ena anayi akungogwedeza mitu kumbuyo.

Chikhalirecho njira ilipo, yaulerenso. Pulogalamu ya Git, imene Linus Torvalds anapanga mu 2005 kuti anthu ambirimbiri azitha kugwirira limodzi ntchito pa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta), imasunga mbiri yonse ya code: wasintha mzere uti ndani, tsiku liti. Ubwino wake kwa ife kuno, commit, kutanthauza kusunga zimene wasintha m'mbiriyo, umapanga ngakhale ulibe intaneti, n'kudzatumiza pa GitHub, webusaiti yosungirako code, bandulo ikapezeka. Ndiye zoti "netiweki inavuta" sizingakhalenso pobisalira. Inde, ana asukulu ndi ochenjera, wina akhoza kumangosintha kadontho kuti dzina lake lizioneka. N'chifukwa chake mphunzitsi azimukhazika aliyense payekha, n'kumutsegulira gawo limene analemba mnzake: tandifotokozere, apa chikuchitika n'chiyani? Mphindi zisanu zokha, wa tchipisi wadziwika.

Za kukula kwa magulu nazo. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yopanga OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta akuluakulu, ku kampani ya IBM, analemba mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa pulojekiti yochedwa kumangoichedwetseratu. Masamu ake ngosavuta: anthu asanu ali ndi njira 10 zolankhulirana awiriawiri, koma anthu 10 ali ndi njira 45. Ndimawamvetsa aphunzitsi, kalasi ikadzaza safuna kuchonga mapulojekiti ambirimbiri. Komabe gulu la anthu 10 ndi msonkhano wa mpingo, si timu.

Chimene ndimalakalaka kwambiri n'chakuti ophunzira asamayambire pa tsamba loyera chaka chilichonse. Aphunzitsi, apatseni code imene anasiya a chaka chatha, ndi zolakwika zake zomwe, muwauze kuti awonjezere gawo lolipira kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money popanda kuwononga zimene zikugwira kale. Tsiku langa loyamba kuntchito ndi zimene ndinakumana nazo: code ya munthu amene anachoka kalekale, yopanda ndemanga ngakhale imodzi. Ndinatha sabata yathunthu ndikungowerenga, thukuta lili kamukamu. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake anthu amalemba ma test, timapulogalamu toyesa ngati code ikugwirabe bwino.

Ndipo muwapezere kasitomala weniweni. Msungichuma wa banki m'khonde akakuuza lero kuti chindapusa cha wochedwa kubweza ndi chakuti, sabata yamawa n'kudzati gulu lasintha lamulo, umaphunzira msanga kuti nambala siikhomeredwa m'kati mwa code.

Mphwanga uja ndinamuuza kuti atsegule repository, malo osungira pulojekiti pa Git, usiku womwewo, agawe ntchito, ndipo asalembenso gawo la munthu wina. M'mawa uno wanditumizira uthenga: mnzake wina wafunsa ngati Git ikupezeka pa Play Store, wa tchipisi wawo sanayankhebe.