Wodziwa kale kuimba ndiye woyenera kukagonera kumaphunziro

Anzanga oimba, pali funso limene limabwera kawirikawiri tikamacheza za maphunziro a nyimbo zamakolo a m'nyengo yotentha, aja ogonera komweko sabata yathunthu. Amati munthu amene wagwira vayolini kapena chitoliro kwa zaka zambirimbiri, zala zake n'kumathamanga zokha, akukafunanso chiyani kumeneko? Bwanji malowo osawasiyira ongoyamba kumene? Maganizo anga ndi akuti wodziwa kaleyo ndiye amene amapindula kwambiri, ndipo okonza maphunziro amene amanena poyera kuti kalasi iyi ndi ya okhwima okhaokha sakuchita tsankho ayi.

Wongoyamba kumene amasowa zinthu zooneka ndi maso: kagwiridwe ka uta, poika chala, kachunidwe ka nsambo. Mphunzitsi wa ola limodzi pa sabata amazikwanitsa zimenezi, ndipo mavidiyo a pa YouTube amathandizaponso. Wokhwima vuto lake ndi lina, ndipo mwini wakeyo salimva. Amaimba nyimbo mazanamazana osaphonya noti ngakhale imodzi, koma zonse zimatuluka ndi kakomedwe kamodzi, liwiro lomwelo, zokometsera zomwezo pamalo omwewo. Anthu amamuombera m'manja, ndiye palibe womuuza. Chizolowezi chimene chamera mizu m'dzanja sichichoka ndi phunziro la ola limodzi, poti akangofika kunyumba dzanja limabwerera kumene linazolowera. Chimafuna masiku otsatizana, m'mawa ndi usiku, khutu likumva kaimbidwe kena mosalekeza mpaka dzanja litagonja.

Tengani chitsanzo cha dziko la Ireland. Kumeneko kaimbidwe ka vayolini kamasiyana chigawo ndi chigawo. A ku Donegal amathamanga, ndipo nthawi zambiri noti iliyonse amaipatsa kukoka kwakekwake kwa uta. A ku Clare amadekha, nyimbo imayenda mosapupuluma. Ku Sliabh Luachra, kumalire a Cork ndi Kerry, amakonda ma polka ndi ma slide, nyimbo zokankha ovina. Kenaka kunabwera galamafoni. Michael Coleman, wa ku Sligo, anasamukira ku America mu 1914 n'kukajambula zimbale ku New York m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Zimbalezo zitabwerera kwawo, achinyamata ochuluka anayamba kumutsanzira, moti m'madera ambiri kaimbidwe ka kumeneko kanayamba kuzilala. Coleman sanalakwe kanthu, anali katswiri weniweni. Koma chimbale chimakupatsa munthu mmodzi, tsiku limodzi, akuimba mwa njira imodzi, ndipo ukachibwereza kambirimbiri umayamba kuyesa kuti nyimboyo ndi mmene iyenera kukhalira basi. Lero intaneti ikuchita zomwezo mwachangu kuposa galamafoni.

Pepala nalo lili ndi malire ake. Francis O'Neill, amene anali mkulu wa apolisi ku Chicago, anasindikiza nyimbo 1,850 za ku Ireland mu 1903, ndipo anapulumutsa zambiri zimene zikanatayika. Koma ukaika oimba awiri a m'zigawo zosiyana patsogolo pa tsamba lomwelo, sadzaimba zofanana, chifukwa chimene chimawasiyanitsa sichinalembedwe papepalapo. Chili m'mene noti ina imatalikirako pang'ono kuposa inzake, pamene uta umatembenukira, pamene woimba chitoliro amabera mpweya.

N'chifukwa chake kalasi yabwino ya okhwima imaoneka ngati ikuchedwa. Mphunzitsi amakhala pampando pakati pa ophunzira, popanda pepala, n'kuimba kachigawo kakang'ono ka nyimbo imene aliyense m'chipindamo amaidziwa kale. Amaima. Amati bwerezani. Onse amabwereza, manoti onse olondola, koma iye amapukusa mutu n'kuimbanso, ulendo uno pang'onopang'ono, akuwauza kuti asayang'ane zala, ayang'ane dzanja la uta. Apo m'pamene wina amazindikira kuti manoti atatu amene iye amawadula m'zigawo zitatu, mphunzitsiyo akuwakoka ndi uta ulendo umodzi, ndipo kukokako kukudutsa mzere umene papepala umagawa nyimbo. Kanthu kakang'ono kameneko ndiko kamachititsa phazi la womvera kuyamba kugunda pansi lokha. Mmawa wonse ukhoza kuthera pa kachigawo kamodzi kameneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kotere sikutheka ngati theka la kalasi likufunsabe poika chala. Amene amati kulekanitsa makalasi n'kudzikweza sanakhalepo m'chipinda chimene mphunzitsi akuyesetsa kusangalatsa magulu awiri nthawi imodzi. Wongoyamba amatopa n'kukhumudwa, wokhwima amangokhala duu, ndipo onse amabwerako opanda kanthu.

Ndiye bwanji kugonera? Chifukwa zambiri zimene munthu amatenga kumeneko sizili pa ndandanda ya maphunziro. Ku Miltown Malbay, m'chigawo cha Clare, kumachitika Willie Clancy Summer School mwezi wa Julayi chaka ndi chaka kuyambira 1973, chaka chimene anamwalira Willie Clancy mwiniwake, katswiri wa uilleann pipes, zitoliro zija zopopedwa ndi mvukuto wapachigongono. Makalasi amakhala m'mawa, koma tauni yonseyo imalira nyimbo mpaka usiku, oimba atakhala m'timagulu, aphunzitsi ndi ophunzira pamodzi. M'magulu amenewo umamva mphunzitsi wako akuimba nyimbo yomwe ija mosiyana ndi m'mawa, chifukwa wakhala pafupi ndi mnzake wa akodiyoni ndipo akumupatsa mpata. Umaphunzira nthawi yolowa ndi nthawi yoika chida pamwendo n'kumangomvetsera. Umamva kuti nyimbo iyi anaitenga kwa ndani, ndipo uyo anaitenga kwa ndani. Wothamangira basi kalasi ikangotha zonsezi zimamudutsa.

Palinso malo ena amene amalandira anthu okagonera kukaphunzira zimenezi. Halsway Manor ku Somerset, ku England, yakhala nyumba yogonamo anthu ophunzira nyimbo ndi magule amakolo kuyambira 1965. Pa chilumba cha Skye ku Scotland, koleji ya Sabhal Mòr Ostaig imalandira oimba vayolini m'nyengo yotentha, ndipo katswiri wa vayolini Alasdair Fraser anayamba kuphunzitsa kumeneko mu 1987. Kwenikweni zonsezi zikungobwezeretsa njira yakale yophunzirira. Ku North Carolina, m'zaka za m'ma 1970, achinyamata ankapita kukagona kunyumba kwa Tommy Jarrell, mkhalakale wa vayolini ndi banjo, n'kumakhala naye masiku angapo akumuyang'ana dzanja. Anamwalira mu 1985, koma kaimbidwe ka kwawo ku Round Peak kakumveka mpaka pano m'manja mwa anthu amene anagona m'nyumba mwake, ndi mwa ophunzira awo.

Chinthu china chimene ndimachiona kuti n'chofunika kwambiri, ndipo ambiri amachinyozera, ndi ovina. Nyimbo zambiri zimenezi zinabadwira gule. Woimba amene wakulira pa siteji ndi m'chipinda chojambulira amathamanga mopitirira, kapena amakometsera mpaka kugunda kwa nyimbo kumabisika. Muikeni patsogolo pa anthu ovina, mapazi awo amuuza zoona nthawi yomweyo: akayamba kuphonya sitepe kapena kuyang'anana, wadziwa kuti walakwitsa, palibenso chifukwa choti mphunzitsi alankhule. Sukulu ya Ceòlas pa chilumba cha South Uist ku Scotland, imene inayamba mu 1996, inakhazikitsidwa pa mfundo yomweyi, yoti zitoliro, vayolini, nyimbo zapakamwa, gule ndi chiyankhulo cha Gaelic ziziphunziridwa pamodzi, ndipo amaitananso aphunzitsi a ku Cape Breton ku Canada, kumene mbadwa za ku Scotland zinasunga kuimba kogwirizana ndi mapazi. A ku Hungary anachitanso chimodzimodzi pamene anayambitsa táncház, kutanthauza nyumba ya gule, ku Budapest mu 1972: oimba a m'tauni ankapita kumidzi ya ku Transylvania kukaphunzira kwa achikulire, n'kubwerako kudzaimbira anthu ovina. Kwa ine maphunziro a okhwima opanda madzulo a gule ndi opunduka mwendo umodzi.

Komatu si maphunziro onse amene ndingawayamikire. Alipo amene amadzitama ndi kuchuluka kwa nyimbo, tsiku lililonse zatsopano zitatu kapena zinayi, mapepala n'kumagawidwa, ophunzira mafoni ali m'mwamba kujambula. Munthu amabwerako foni itadzaza, koma kaimbidwe kali komwe kaja. Wokhwima sasowa nyimbo, angathe kuzitola yekha kulikonse. Ndipo palinso ngozi ina imene okonza ayenera kuiopa: aphunzitsi otchuka ochepa omwewo akamazungulira maphunziro onse, chaka ndi chaka, dziko ndi dziko, maphunzirowo amasanduka galamafoni yatsopano, ophunzira onse n'kumatuluka akumveka ngati munthu mmodzi. Ine ndingakonde kuti aziitana woimba wachikulire wosatchuka, wa kaimbidwe ka dera limodzi, ngakhale atakhala wosadziwa kufotokoza bwino zimene akuchita. Wokhwima safuna kufotokozeredwa kwambiri, khutu lake lakwana. Amangofunika kukhala pafupi, tsiku ndi tsiku, ndi munthu woimba mosiyana ndi iyeyo.

Mfundo yotsutsa imene ndimaivomereza ndi ya ndalama. Malo ogona, chakudya, ulendo, kuphatikizapo sabata yosagwira ntchito, si aliyense angakwanitse, ndipo n'zowawa kuti nyimbo zimene zinasungidwa ndi alimi, asodzi ndi amisiri zizifika pokhala za okhawo amene m'thumba muli kanthu. Yankho lake ndi loti okonza azipatula malo aulere kapena otsika mtengo, makamaka a achinyamata a m'dera limene nyimbozo zimachokera, ndipo malowo aziperekedwa potengera kaimbidwe ka munthu. Wopempha atumize kachidutswa kojambulidwa akuimba nyimbo ziwiri kapena zitatu, mphunzitsi amvetsere, asankhe. Kutsegula chitseko kuti alowe aliyense wolipira, kaya akudziwa kaya sakudziwa, kumangodzaza kalasi n'kupha chimene anthu anabwerera.

Inu amene mwaimba kwa zaka zambiri ndipo mukuganiza zolembetsa, funsani okonzawo kuti kalasi imakhala ndi anthu angati, amaphunzitsa ndi khutu kapena ndi pepala, ndiponso ngati mukhala ndi mphunzitsi mmodzi sabata yonse kapena muzisinthasintha. Sankhani mphunzitsi amene kaimbidwe kake kali kutali ndi kanu, ngakhale kamene poyamba sikakukomerani. Tsiku loyamba ndi lachiwiri mudzamva ngati mwaiwala kuimba, uta ukukana, zala zikusokonekera pa nyimbo imene mumaiimba ngakhale mutatsinzina. Musasamuke kalasi chifukwa cha zimenezo.