Khobidi kukalamba sindiye kuti ndi chuma

Lero ndiyankhula basi, wokwiya akwiye. Msuweni wanga wandiimbira kanayi kuyambira dzulo chifukwa cha kakhobidi kamodzi ka ku France komwe wakapeza m'sutikesi ya malemu agogo. Agogowo anali khukhi wa ansembe achifalansa pa mishoni, ndiye mwina bambo wina anangowapatsa kuti azikumbukirana. Ndi 1 franc ya 1960, ija ili ndi mayi akufesa mbewu. Mnyamata waonera kavidiyo pa TikTok, akuti ndi mamiliyoni, ndiye poti ine ndili ku Lyon kuno ku France ndimupezere mzungu wogula. Nditamuuza zoona, akuti, "Asuweni, nsanje imeneyo."

Nsanje? Pa 1 franc?

Tamverani anthuni. Chinthu kukhala chakale sindiye kuti n'chosowa. Ogula ndalama zakale salipira zaka, amalipira kusowa kwake. Khobidi la msuweni wangalo analisula kuyambira 1960 mpaka 2001, ndipo chaka choyamba chokhacho anatulutsa mamiliyoni mazanamazana. Nyumba iliyonse kuno ili ndi kachitini kake ka makhobidi otere. Pamsika wa zakale Lamulungu amawathira m'beseni ngati usipa, ena mpaka amagulitsa pa kilo, ndipo anthu amangodutsa osacheuka n'komwe. Ngakhale nthawi yomwe linkagwira ntchito, pobwera euro mu 2002 pankafunika mafranc 6.55957 kuti upeze euro imodzi. Banque de France, banki yaikulu ya kuno, inasiya kusintha makhobidi amenewa mu February 2005. Kubanki kulibe kanthu, kumsika kulibe kanthu, iye akuti mamiliyoni!

Sindikunena kuti za mtengo kulibe ayi. Zilipo, koma chilichonse chili ndi chifukwa chake. 5 francs ya mayi yemweyo ya pakati pa 1960 ndi 1969 ndi yasiliva, magalamu 12, ndipo amaigula poyeza siliva ali m'katimo. 50 francs ya Hercule ya 1974 mpaka 1980 imalemera magalamu 30, nayonso siliva. 20 francs yagolide yomwe amaitcha Napoléon ili ndi golide wosakwana magalamu 6, mtengo wake umatsata golideyo. Izi n'zachitsulo chabe, sikelo ndiye imaweruza. Ndiye pali zosowadi, monga 1 franc ya 1914 yokhala ndi chilembo C, yomwe anaisulira m'tauni ya Castelsarrasin nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kapena 100 francs ya 1958 yokhala ndi kachizindikiro ka kadzidzi. Kalembo kamodzi, kakadzidzi kochepa ngati njere ya mapira, n'komwe akatswiri amakasuzumira ndi galasi. Ukalamba ayi. Zija za aluminiyamu za nthawi ya nkhondo yachiwiri, za 1943, n'zakale kuposa ya msuweni wanga, koma mbweee, palibe amazilirira.

Ndamuuza kuti, tenga maginito a m'sipika ya wailesi, uyandikize. Likamata, ndi nikelo, si siliva. Lamata. Akuti maginitowo ndi olakwika.

Safunsa anadya phula. Pomwe ankandiimbira n'kuti atalikwecha kale ndi phulusa ndi mandimu kuti liziwala. Amayo ine! Kuno khobidi amaliika m'magulu malinga ndi momwe lasungikira, ndipo la pamwamba penipeni, lomwe amati fleur de coin, ndi lija loti silinayendepo m'manja mwa anthu. Kulikwecha n'kulipha. Ndiye ngakhale likanakhala losowa, akanaliononga yekha ndi manja ake, ngati akutsuka poto wa nsima.

Ndikudziwa, zinthu zavuta kumudzi, munthu amagwira paliponse. Koma kuvutikako sikusandutsa nikelo kukhala golide. Chakale n'chakale basi. Mtondo wa agogo nawo ndi wakale, bwanji osautengera kubanki?

Chomwe chandiwawa kwambiri n'chakuti pali kale wina pa WhatsApp, wodzitcha ejenti, yemwe wamuuza kuti atumize kaye ndalama ya pafoni yolembetsera ndi yoyezera khobidilo. Munthu wofuna kugula katundu wako akuuze kuti uyambe ndiwe kumulipira, iwe osadabwa? Ndipo ndalama imeneyo akufuna ndimubwereke ine, wansanje yemwe uja. Anthu ake ndi omwewa anatisokoneza mitu ndi nkhani ya simbi zamakala zakale, mpaka simbi ya agogo inasowa m'nyumba, ndipo mpaka lero palibe wavomera kuti ndiye anaitenga. Tsopano sutikesi yonse aikhuthula, zithunzi ndi makalata a agogo angozimwaza pakhonde mvula ino, kufunafuna khobidi lachiwiri.

Asuweni, ndikudziwa mukuwerenga. Zithunzizo mukazitole lero lomwe.