Mwana akudumpha pa uvuni, inu mukujambula pafoni?

Loweruka lapitali ndinaona zinthu zimene zikundiwawabe mumtima. Kuseri kwa nyumba ya aneba athu kuli uvuni wa njerwa wophwasula theka. Ana anasonkhana pamenepo, ati akuchita resilini. Kamnyamata kena, kosapitirira Sitandade 4, kanakwera pamwamba pa uvuniwo, n'kutambasula manja monga amachitira a pa TV aja, kenako n'kudziponya pa mnzake amene anali atamugoneka pansi. Pansipo pouma gwaa, zibenthu za njerwa zili mbwee. Mwana wapansiyo anakuwa mokuti ngakhale agalu anasiya kuuwa. Mkono unapindika pamalo pamene mkono supindika.

Akuluakulutu analipo. Mayi wina anali pakhonde akusankha mpunga, maso ali komweko. Mnyamata wina wandevu zake anali atatukula foni, akujambula uku akuseka chikhakhali. Mwana atakuwa m'pamene onse anadzambatuka kukasaka kabaza. Wabwerako kuchipatala ali ndi chikhakha, ndipo ndi mkono umene amalembera kusukulu. Bambo ake akuti ndi tsoka. Tsoka? Tsoka lake liti, pamene munthu unaona mwana akukwera ndipo sunatsegule pakamwa?

Abale anga, tatiyeni tiuzane zoona. Anthu amene ana anu akuwatsanzirawo ndi akatswiri amene aphunzira kugwa kwa zaka zambiri. Amagwirizana kale kuti wopambana ndani, wogwa agwa bwanji, wogwetsa amugwira pati. Bwalo lawo ndi lamatabwa onyendama, oyalapo zofewa, madokotala ali tcheru pambali. Ndi zonsezo amavulalabe. Steve Austin, amene dzina lake anyamata athu amalitchula ngati la malume awo, anavulala khosi mu 1997 atamugwetsa chamutu pansi, ndipo khosi lomwelo linamusiyitsa masewerawo msanga. Amene anamugwetsayo, Owen Hart, anafa mu 1999 ku Kansas City atagwa kuchokera kudenga la holo, khamu la anthu likuona. Chaka chomwecho ku Florida mnyamata wa zaka 12 anapha kamtsikana ka zaka 6, ndipo omuimira pamlandu anati ankangotsanzira resilini ya pa TV. Eni ake a WWE, kampani yoonetsa resiliniyo, amachita kulengeza kuti musayese zimenezi kunyumba. Ndiye mwana wanu, wongodyera phala la mgaiwa m'mawa, akagwetse mnzake chamutu pa dothi la ku Ndirande kapena ku Mchesi n'kudzuka bwinobwino? Khosi lake ndi lachitsulo?

Ife tinakula opanda TV m'dziko muno. Television Malawi inayamba mu 1999, dzulodzuloli. Sindikunena kuti tinali angelo, ayi, tinkaba mango ndipo tinkamenyana kudambo. Koma ndewu yathu inkathera pa kugwetsana, osati kukwera pamtengo kuti ukatere pachifuwa cha mnzako. Lero dishi ili padenga lililonse, kumudzi kuli sola ndi jenereta, ndipo pamsika paliponse pali kanyumba ka vidiyo sho, chitseko chotchinga ndi nsalu yakuda, sipika ikuphulika panja. Mumalowamo inu kuti muone zimene akuonetsa? Simulowamo. Mumangopatsa mwana kandalama kuti akuchokereni pamaso, mupume. Mwana amalowa dzuwa lili paliwombo, amatuluka nkhuku zitalowa kale m'khola, maso ali psuu. Ena amalowa atavala yunifolomu, makope atawapinda m'thumba la kabudula. Aphunzitsi akamuitana dzina m'kalasi, iye ali pabenchi mumdima, akumvera womasulira filimu akutukwana m'Chichewa chomveka bwino. Ndipo kukada, filimu ikasintha n'kukhala ya zolaula, mukuganiza mwini vidiyo amatulutsa ana? Atulutse ndalama?

Mawa lake mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akatukwana agogo ake, mumagwira pakamwa kuti kodi waziphunzira kuti. Waziphunzira kumene munamutumiza.

Musati ndikudana ndi TV. Inenso ndimaonera nkhani madzulo, ndimaonera mpira, ndipo mdzukulu wanga anadziwa dzina la nyama zina za m'nyanja zimene ine sindinazimvepo. Koma ngakhale nkhani zimene, kodi n'zoti mwana azionera yekha? Pamene Saddam Hussein, mtsogoleri wakale wa dziko la Iraq, ananyongedwa kumapeto kwa 2006, ma TV anaonetsa akumuveka chingwe m'khosi. Patangopita masiku ochepa kunamveka malipoti a ana m'maiko angapo amene anafa akutsanzira zomwezo, wina wa zaka 10 ku Texas. Mwana saona kusiyana kwa sewero ndi zenizeni. Iye amaona munthu woomberedwa lero akusekanso mufilimu ya mawa, ndiye kwa iye imfa ndi chinthu chimene munthu amadzukako. Inu mumasiya TV ili chiyakire, rimoti m'manja mwa mwana, n'kupita kuchinkhoswe tsiku lonse. Mungamusiyire mbaula ya moto m'chipinda chotseka? Nanga izi mumamusiyira bwanji?

Koma ana ndisawanene kwambiri, poti akulu ndiye mwanyanya. Amayi athunthu kukhala tsiku lonse pa mafilimu a ku Nigeria, ndiwo zikupserera pamoto, n'kutuluka pamenepo atatsimikiza kuti apongozi onse ndi mfiti. Mwana akatentha thupi, m'malo mothamangira kukayezetsa malungo, akuloza chala agogo a kumudzi, ati ndinaona mufilimu zimayamba chonchi. Nkhalamba zikuthamangitsidwa m'midzi, zina kugendedwa, pamene lamulo la dziko lino, lija la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Inu lamulo simulidziwa, koma mutu wa filimu iliyonse mumauloweza.

Nanga abambo? Kuonera mpira wa ku England kwasanduka sukulu ya kubetcha. Munthu ndalama ya ufa waiika pa timu ya ku Manchester, kumene sanapondeko ndipo sadzapondako, timuyo ikagonja mkwiyo akukathera pa mkazi ndi ana. Wina waona mneneri pa TV akuuza anthu kuti agwire sikirini achire, basi wataya mankhwala a shuga kapena ma ARV. Mwamuona mneneriyo akubwera kudzakumba manda? Atsikana nawo aphunzira kuti ukwati ndi nyumba yosanja, galimoto ndi maluwa, mwamuna wolima fodya kapena woyendetsa minibasi sakumuonanso ngati munthu. Anyamata thalauza lili m'munsi mwa matako, akuyenda ngati akudwala chophukacho, ati ndi mmene amayendera oimba a ku America. Chinachake mwaphunzirapo pa TV chimene chinaonjezera thumba limodzi la chimanga m'nkhokwe? Mapulogalamu a ulimi akayamba mumasintha tchanelo.

Ndipo inu eni mavidiyo sho, ndikukuonani. Mwana wa yunifolomu akabwera nthawi ya sukulu, kumubweza kumakuvutani chiyani? Akanakhala wanu mukanalandira ndalama yakeyo? Mafumu ndi a komiti ya sukulu, mumadutsa pamenepo tsiku lililonse, phokoso mumalimva, ana mumawaona akusuzumira pa nsalu. Mukudikira maliro kuti muitanitse msonkhano?

Makolo, TV ili m'nyumba mwanu, munagula ndinu, magetsi mumalipira ndinu. Batani lozimitsira lilipo, silinathyoke. Khalani pansi muone zimene mwana akuonera, ndipo zikakhala zopusa muzimitse, alire. Ndipo iwe wojambula pafoni, ndevu zonsezo, manyazi ulibe?