Njala ya ng'ombe ya mu Okutobala timaiyambitsa tokha mu Epulo

Anthuni lero ndilankhuleko za msipu, makamaka kwa ife oweta ng'ombe kuno ku Chigwa cha Shire, Chikwawa ndi Nsanje, olo inu aku Mzimba kapena ku Lilongwe nkhaniyi ikukukhudzaninso ndithu. Chaka chilichonse ikangofika Okutobala madandaulo amakhala omwe aja, ng'ombe zaonda nthiti zikuwerengeka, zina zikugwa panjira yopita kumadzi osadzukanso, mabutchala akugula motchipa, dzuwa lanyanya chaka chino. Zoona dzuwa kuno ndi lowawa, palibe angatsutse. Koma ine maganizo anga ndi akuti njala imeneyi sitimaipeza mu Okutobala, timaikonza tokha miyezi ya Malichi ndi Epulo pamene udzu uli mbwee paliponse ndipo palibe amene akuganiza zoti udzatha.

Tiwerengere limodzi pang'ono chifukwa ambirife timadziwa kuti tili ndi ng'ombe zingati koma sitidziwa kuti zimadya zochuluka bwanji. Ng'ombe imadya chakudya chouma pafupifupi makilogalamu 2 ndi theka mpaka 3 pa makilogalamu 100 aliwonse a thupi lake, patsiku. Nde zathu zachikudazi, za linunda zija, yolemera makilogalamu 250 imafuna makilogalamu 6 kapena 7 tsiku lililonse. Chilimwe kwathu kuno chimatenga miyezi 6, nthawi zina kupitirira, kuyambira Meyi mpaka mvula ya Novembala kaya Disembala. Chulukitsani nokha muona kuti ng'ombe imodzi yokha ikufuna kupitirira tani imodzi kuti idutse chilimwe ili bwinobwino. Imodzi. Nanga amene ali ndi 30 mkhola, matani 30 amenewo ali pati? Funso limeneli ndi limene ndimafuna mwini khola aliyense adzifunse mvula ikamasiya, osati kudikira mpaka ng'ombe iyambe kudya mapepala a pulasitiki kumsika.

Ndipo vuto si kuchuluka kwa udzu kokha. Udzu ukakhwima nkuuma uli chiimire kutchire umakhala ngati nkhuni basi, ng'ombe imadya mimba nkudzaza koma thupi likupitabe pansi. Chifukwa chake ndi mapuloteni. Tizilombo tammimba mwa ng'ombe timene timagaya udzu timafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni osachepera 7 pa 100 kuti tigwire ntchito bwino, pamene udzu wouma wa mu Seputembala umatsika mpaka 3 kapena 4. Nde mukaona ng'ombe ikuonda ili pakati pa tsekera wautali musadabwe. Udzu omwewo ukanadulidwa ukungoyamba kumasula, nkuuyanika masiku awiri atatu, nkuusunga pathandala pamthunzi osanyowa, bwenzi uli ndi mphamvu yake yambiri ikadali momwemo. Ntchito yake ndi chikwakwa ndi dzuwa, palibe cha dola apa.

Anzathu a ng'ombe za mkaka ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje izi anazizindikira kalekale chifukwa alibe malo, munthu ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri mkhola ndipo amadziwa kuti akapanda kumweta nsenjere mawa mkaka kulibe. Amabzala nsenjere mmalire a munda ndi mmbali mwa mtsinje, amasunga mapesi, amagula madeya. Ife kuno chifukwa tinakula tikuona tchire lalikulu timaganizabe ngati nthawi ya agogo, pamene munthu ankatsegula khola mmawa ng'ombe nkupita kulikonse. Tchire limenelo kulibenso abale. Kwina kuli nzimbe, kwina thonje ndi mapira, mmadambo mwadzaza madimba, anthu achuluka ndipo aliyense akufuna pokhala ndi polima, sindikuwada ayi nawonso akufuna kudya. Koma malo odyetsera achepa pamene mitu ya ng'ombe mmakola ambiri sinachepe, nde china chake chiyenera kusintha basi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi moto. Mwezi wa Ogasiti, Seputembala, usiku mukayang'ana kumapiri kumangooneka kufiira. Wina akufuna mbewa, wina akusosa munda nkusiya moto osauyang'anira, wina akuti tikawotcha kumera msipu wanthete komanso nkhupakupa zimafa. Inde pa lupsa pamamera kamsipu kobiriwira, ndikuvomera, koma ndi kochepa bwanji poyerekeza ndi zimene zapsa? Komanso kamsipu kameneko udzu umakatulutsa pogwiritsa ntchito chakudya chimene unasunga mmizu, ng'ombe zikakadya pompo udzu uja umafooka, chaka chamawa umamera wochepa. Moto wa mochedwa ngati umenewu umatentha kwambiri, umapha timitengo tating'ono, nthaka imatsala pamtunda, chizimalupsa chikabwera ndi mphamvu madzi amangothamanga osalowa pansi. Zigwembe zimene tikuziona zikudula misewu ndi minda zinayamba choncho. Ngati mudzi ukufunadi kuwotcha pali nthawi yake, koyambirira kwa chilimwe udzu usanaumiretu, mbali imodzi yokha, mogwirizana ndi alangizi, ndipo osati malo omwewo chaka ndi chaka.

Tsopano nkhani yopumitsa busa, imene ndikuona kuti ndi mutu weniweni. Anthu ambiri akamva zoti malo adyedwa mopitirira muyeso amaganiza za kuchuluka kwa ng'ombe kokha. Nthawi nayonso ndi nkhani yaikulu. Udzu ukadyedwa umafuna masabata angapo nthawi ya dzinja, tinene 4 mpaka 6, kuti uphukenso masamba ndi kubwezeretsa mphamvu kumizu. Koma ife abusa athu amapita malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku chifukwa ndi pafupi ndi madzi kapena ndi pomwe anzawo amasewera, ng'ombe nkumabwerera pa tsinde lomwe lija likangotulutsa kamsonga. Ng'ombe imasankha, imayamba ndi udzu wokoma. Nde udzu wokomawo ndi umene umatha, kutsala wolimba uja zimaukana ndi zitsamba zaminga, mwinanso lantana amene ndi poizoni kwa ziweto. Pakapita zaka munthu amati malo ano anali ndi msipu wabwino kale kaya chinachitika nchani. Chinachitika ndi chimenechi.

Mmafamu akuluakulu amagawa malo ndi waya, ng'ombe zimadya chigawo chimodzi masiku ochepa nkusamukira china, choyamba chija nkupuma. Wina anena kuti ife waya tiutenga kuti, ndi zoona ndi wodula ndipo ukhoza kubedwa usiku umodzi. Koma ife tili ndi chimene mafamu ambiri alibe, ng'ombe zathu zimayenda ndi m'busa tsiku lonse. M'busa ndi amene angagwire ntchito ya waya. Chofunika ndi mgwirizano wa eni makola ndi amfumu kuti mwezi uno tonse tikudyetsa kuchokera pa mtengo wakuti mpaka kumtsinje, mbali inayo ndi yotseka, wopezeka kumeneko alipira. Komanso kusiyiratu chigawo chimodzi osachikhudza dzinja lonse kuti chidzakhale nkhokwe ya chilimwe ndi kuti udzu ugwetse mbewu. Mafumu athu amaweruza milandu ya ng'ombe zodya mmunda mwa eni pafupifupi sabata iliyonse, bwanji mphamvu yomweyo osaigwiritsa ntchito kuteteza busa milandu isanachitike?

Ndikudziwa povuta pake. Busa la mudzi ndi la aliyense, nde munthu amaona kuti ndikasunga ine mnzanga adzadyetsa usiku, bola ndidyetseretu. Ndipo nthawi zambiri amene ali ndi ng'ombe zambiri ndi amenenso ali ndi mawu pabwalo, ena mwa iwo sakhala nkomwe kumudzi, ali ku Blantyre amangotumiza ndalama ya m'busa. Mayi wamasiye wa ng'ombe zitatu ndi amene amayamba kuluza msipu ukatha chifukwa alibe ndalama yogulira madeya kapena yosamutsira ziweto kutali. Nchifukwa chake ndikuti lamulo la busa likhale lolembedwa, lowerengedwa pamsonkhano, ndipo ligwire wamkulu ndi wamng'ono mofanana, apo ayi palibe adzalimvere.

Za abusa ndinenekonso pang'ono. Timapatsa mwana wa zaka 10 chuma cha mamiliyoni kuti aziyenda nacho, mwana woyenera kukhala mkalasi, kenako tikudabwa kuti sakudziwa kusintha malo odyetsera. Ubusa ndi ntchito ya munthu wamkulu wolipidwa bwino amene angaone kuti apa udzu wafupika tichokepo.

Mapesi nawo. Tikakolola chimanga kapena mapira ambiri timangosiya mmunda ng'ombe zizipondaponda, theka limathera mudothi ndi chiswe, lina timawotcha posonkha. Masamba a mtedza, a nandolo, a khobwe ndi chakudya chapamwamba kwambiri kuposa mapesi chifukwa ali ndi mapuloteni, koma amangowola pamulu. Apa pali kukokana kwenikweni chifukwa alangizi a mbewu amatiuza kuti mapesi tiphimbire nthaka pa ulimi wa mtayakhasu, ndipo akunena zoona, pamene alangizi a ziweto akuti tisungire ng'ombe. Ine ndimati gawani, ena atsale mmunda ena akwere pathandala, ndipo manyowa a mkhola abwerere kumunda komweko kuti nthaka isaluze. Amene mukufuna kuthira feteleza wa yuriya pa mapesi kuti akhale ndi mphamvu, njirayo ilipo ndipo imagwira, koma chonde chitani ndi mlangizi pafupi chifukwa yuriya ukalakwitsa muyeso amapha ng'ombe tsiku lomwelo.

Mitengo tisaiiwale. Msangu umagwetsa nyemba zake nthawi yachilimwe pamene china chilichonse chauma, ng'ombe ndi mbuzi zimazikonda kwabasi, ndipo nthawi ya dzinja umayoyola masamba nde suphimba mbewu. Mtengo woterewu kuudula chifukwa cha thumba la makala ndi kutaya kwakukulu. Lukina nayenso ndi wabwino, amakula msanga ndipo masamba ake ali ndi mapuloteni ambiri, bola asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse chifukwa akachuluka amadwalitsa, ubweya umayamba kuthothoka. Mizere ingapo ya lukina kapena gilisidiya kuseri kwa khola imasintha kwambiri mmene ng'ombe yoyamwitsa imadutsira Okutobala.

China chimene sitimachiganizira, msipu ukatha ng'ombe zimapita kutali, ndipo kuno kutaliko ndi kumalire a nkhalango yosungira nyama ya Lengwe komwe kuli njati, kapena ku dambo lalikulu la Elephant Marsh komwe makola a midzi yambirimbiri amakumana pamadzi amodzi. Njati zimasunga matenda a zilonda za mkamwa ndi mmapazi, nde zikasakanikirana ndi ng'ombe matenda amabuka, boma limatseka misika ndi kuletsa kuyendetsa ziweto, ndipo amene anasunga bwino ng'ombe zake nayenso amalephera kugulitsa. Mmadambo a madzi osayenda ndi momwenso ng'ombe zimatengera nyongolotsi za mchiwindi. Nde nkhani ya msipu ndi nkhani ya matenda sizisiyana kwenikweni.

Nyengo nayo sikutipatsanso mpata wolakwitsa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola ziweto ndi kukwirira madambo ndi mchenga, chaka chotsatira 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Madzi osefukira chaka chino, chilala chaka chamawa. Munthu amene alibe kalikonse pathandala zaka ngati zimenezi amangoyang'ana khola likutha.

Ndipo apa ndinene chimene ambiri sakonda kumva. Ngati mwawerenga nkuona kuti chakudya chimene muli nacho sichikwana mitu yonse, gulitsani zina mu Meyi kapena Juni zikadali zonenepa. Zokalamba, zosabereka, nkhunzi zoonjezera. Ndikudziwa kuti khola lodzaza ndi ulemu, ndi pothawira pakagwa maliro, fizi kapena matenda, sindikupeputsa zimenezo. Koma ng'ombe yomweyo mukaigulitsa ku Ngabu mu Novembala ili mafupa okhaokha wogula ndi amene amatchula mtengo, inu mumangovomera. Komanso yaikazi yowonda sitenga bere msanga, mmalo mobereka chaka chilichonse imadumpha chaka, nde khola la ng'ombe zambiri zanjala limatha kukupatsani ana ochepa kuposa khola laling'ono lokhuta. Ndalama ya ziwiri zimene mwagulitsa ikhoza kugula madeya ndi mchere wa zotsalazo ndi kulipira anyamata omweta udzu.

Pempho langa kwa mafumu, makomiti a ziweto ndi alangizi ndi loti msonkhano wa busa uzichitika kawiri. Woyamba mvula isanayambe, wogwirizana kuti chigawo chiti chipuma dzinja lino ndi njira zopitira kumadzi zidutsa pati kuti tisakangane ndi a madimba. Wachiwiri mu Malichi, wogwirizana za kumweta, za kulambula njira zotchinga moto kuzungulira chigawo chosungidwacho, ndi chindapusa cha wotentha tchire. Eni ng'ombe okhala mtauni aitanidwenso, abwere okha kapena atumize munthu woti akavomera pabwalo chikhale chomanga khola lawo.