Ufulu anawapatsa, munda anawalanda

Abale anga, pali nkhani ya ku America imene yakhala ikundisowetsa mtendere masiku ano, ndiye ndati ndiitule pano. Ambirife tikamva za kutha kwa ukapolo kumeneko timathera pa dzina la pulezidenti Abraham Lincoln, kuwomba m'manja n'kumapita. Ine mtima wanga watsalira pa zimene zinachitika mfuti zitaleka kulira, pakati pa 1865 ndi 1877, nyengo imene eni ake amaitcha Reconstruction, ndiko kuti kumanganso dziko.

Nkhondo yapachiweniweni, ya pakati pa boma ndi madera akummwera amene analiukira pofuna kusunga ukapolo, inayamba mu 1861 n'kutha mu 1865, itapha anthu oposa 600,000. Akapolo pafupifupi 4 miliyoni anamasuka. Koma taganizirani munthu amene wakulira m'munda wa thonje wa mwini wake, wagwira ntchito mpaka imvi osalandirapo ngakhale khobidi, alibe khasu lakelake, alibe pomanga kanyumba. Mwamuuza kuti ndiwe mfulu. Mawa adya chiyani, ndipo agona kwa yani?

Yankho lake omasulidwawo analidziwa bwino. Pa 12 Januwale 1865, mumzinda wa Savannah, mkulu wa asilikali William T. Sherman ndi nduna yoona za nkhondo Edwin Stanton anakumana ndi atsogoleri 20 a mipingo ya anthu akuda n'kuwafunsa chimene anthu awo akufuna. Wowalankhulira anali m'busa wa zaka 67, Garrison Frazier, yemwe anachita kudziwombola yekha ndi ndalama. Iye sanazungulire. Anati njira yoti adzisamalire okha ndi kukhala ndi malo, kuwalima ndi manja awo. Patangopita masiku 4, Sherman analamula kuti malo a m'mbali mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida, omwe eni akapolo anathawamo, agawidwe kwa mabanja, lililonse mpaka maekala 40. Anthu pafupifupi 40,000 analowa m'mindamo n'kubzala.

Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mu Epulo chaka chomwecho Lincoln anawomberedwa, mpando n'kupita kwa Andrew Johnson wa ku Tennessee, yemwenso anakhalapo ndi akapolo. Johnson anayamba kukhululukira oukira boma aja mwaunyinji ndi kuwabwezera minda yawo.

Apa mpamene pamandiwawa kwambiri. Mu Okutobala 1865, Oliver O. Howard, mkulu wa Freedmen's Bureau, nthambi ya boma yosamalira omasulidwa, anatumidwa ku chilumba cha Edisto kukauza anthu kuti minda ija ibwerere kwa eni akale. Anali msilikali woti dzanja lake lamanja linaduka kunkhondo yomweyo. Anaima m'tchalitchi chodzaza, anthu akung'ung'udza, mpaka mayi wina anayambitsa nyimbo yachisoni, khamu lonse n'kuvomera. Howard anawapempha kuti akhululukire ambuye awo akale ndi kuyamba kuwagwirira ntchito yolipidwa. Pambuyo pake anthuwo anamulembera kalata. Mfundo yake inali yakuti: inu mwataya dzanja lokha, mwina mungathe kukhululuka, koma munthu amene anandimangirira pamtengo n'kundikwapula zikoti 39, amene anavula mayi anga ndi mlongo wanga n'kuwakwapula, amene lero akundikaniza kugona m'kanyumba kake kopanda munthu pokhapokha nditamulimira, ameneyo n'kovuta kumukhululukira.

Ine ndili kumbali ya olemba kalatayo ndi mtima wanga wonse. Kukhululuka n'kwabwino, ndipo dziko limene abale aphana silingaime popanda iko. Koma kukakamiza wolakwiridwa kuti akhululuke pamene wolakwayo mukumubwezera munda, nyumba ndi mpando, kumeneko si kuyanjanitsa anthu. Azungu akumpoto ndi akummwera anagwirana chanza, ndipo mtengo wa chanzacho anaulipira ndi munthu wakuda. Ndiponso mudziwe kuti pamene ukapolo unkathetsedwa mu Washington mu 1862, chipukuta misozi, chofika madola 300 pa munthu mmodzi, analandira ndi eni akapolo. Wokwapulidwa uja sanawerengedwe kuti ali ndi misozi.

Sindikunena kuti palibe chabwino chinachitika, ayi. Malamulo oyendetsera dzikolo anasinthidwa katatu: mu 1865 kuthetsa ukapolo, mu 1868 kunena kuti aliyense wobadwira m'dzikomo ndi nzika yofanana ndi ena pamaso pa lamulo, mu 1870 kuletsa kumana mwamuna voti chifukwa cha khungu. Sukulu zinatsekulidwa, agogo n'kumakhala benchi limodzi ndi adzukulu kuphunzira kuwerenga. Amayi ankalengeza m'manyuzipepala kufunafuna ana awo amene anagulitsidwa kalekale. Mu 1870 Hiram Revels analowa m'nyumba ya malamulo ya Senate kuimira Mississippi, dera lomwe zaka zochepa m'mbuyomo munthu wa khungu ngati lake ankagulitsidwa pamsika. Zimenezi si zazing'ono.

Koma voti ya munthu wogona pamalo a mwini ndi voti ya mantha. Popanda munda, ambiri analowa ulimi wogawana zokolola: mbewu, feteleza, chakudya, zonse kutenga pangongole kusitolo ya mwini malo kapena ya wamalonda wa m'deralo, ndipo pokolola buku la ngongole lili m'manja mwa yemweyo. Chaka chikatha uli ndi ngongole, chaka chinacho ngongole yakula. Ukavotera amene bwana sakumufuna, usiku womwewo katundu ali panja. Amene analimba mtima anakumana ndi zigawenga za Ku Klux Klan, zotentha sukulu ndi matchalitchi. Ku Colfax, m'dera la Louisiana, pa Sande ya Pasaka mu 1873, anthu akuda ambirimbiri anaphedwa ndi gulu la azungu pabwalo la khoti, ena atagonja kale, ndipo mu 1876 khoti lalikulu la dzikolo linafafaniza chigamulo cha ochepa omwe anapezeka olakwa. Mu 1877, pa mgwirizano wothetsa mkangano wa chisankho umene unaika Rutherford B. Hayes pampando, boma linasiya kuteteza anthuwa ndi asilikali. Ku Louisiana komweko anthu akuda olembetsa kuvota anali pafupifupi 130,000 mu 1896, koma pofika 1904 anatsala 1,342. Zinatengera lamulo la 1965, patapita zaka 100 chithere nkhondo ija, kuti voti ija ibwerere.

Wina anganene kuti kulanda minda ya ogonja kukanangobutsa nkhondo ina. Ndikumva. Koma boma lomwelo, kudzera m'lamulo la 1862, linkagawa maekala 160 kwa aliyense wokakhala kumadzulo, pamalo olandidwa kwa eni nthaka a kumeneko, ndipo makampani a njanji linawapatsa maekala mamiliyoni. Malo analipo. Thaddeus Stevens, phungu wa ku Pennsylvania, anaumirira kuti minda ikuluikulu ya oukira igawidwe, anzake n'kumukanira.

Chimene chandipangitsa kuti nkhaniyi ndisaione ngati ya kutali ndi ichi. John Chilembwe anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg, m'dera la Virginia, pafupi ndithu ndi Appomattox kumene Robert E. Lee, mkulu wa asilikali a oukira aja, anagonjera. Anakhala pakati pa ana a akapolo aja pa nthawi yeniyeni imene voti yawo inkalandidwa. Pobwera kuno mu 1900 n'kukhazikika ku Mbombwe ku Chiradzulu, anapeza anthu akugwira thangata m'maesiteti a Bruce ku Magomero, kulipira ndi thukuta kuti angokhala pamalo. Atsamunda ankadzitama kuti anathetsa malonda a akapolo m'dziko muno, koma nthaka yabwino ya m'mapiri a Shire inali m'manja mwawo. Ndikagwira ndalama yokhala ndi nkhope yake, ndimadzifunsa kuti ataona mabanja aja a ku Magomero akulawirira kumunda wa mzungu wawo uli thengo, ankakumbukira nkhope za ndani zimene anazisiya ku Virginia.