Chenjezo kwa inu oponya voti mwachizolowezi

Abale anga, makamaka inu amene munatenga unzika ku America ndipo muli ndi ufulu wovota, ndikutsineni khutu. Chizolowezi chodzuka pa chisankho cha pulezidenti chokha, ndiye pa dzina la phungu wa nyumba ya malamulo ya dera lanu n'kungochonga amene mumamumva kawirikawiri, chisiyeni. Ena mumafika ponena kuti munthu amene wapambana zaka zonsezi ndiye kuti ndi wabwino. Anakuuzani ndani?

Taonani za Michael Madigan wa ku Illinois. Anasankhidwa koyamba kukhala phungu mu 1970, analowa m'nyumba ya malamulo ya Illinois ku Springfield, likulu la Illinois, mu 1971, ndipo anatulukamo mu 2021. Zaka 50! Dera lake, kumwera chakumadzulo kwa Chicago, linkamubwezera pampando zaka ziwiri zilizonse osalephera. Kuyambira 1983 anali sipikala, kupatula 1995 mpaka 1997 pamene chipani cha Republican chinali ndi aphungu ambiri, moti m'mbiri ya America mulibe wina amene anatsogolera nyumba ya malamulo nthawi yaitali chotere. Kuyambira 1998 analinso wapampando wa chipani cha Democratic m'dera lonse la Illinois.

Tsono mvetsetsani mmene kupambana kotere kumapangidwira, chifukwa apa ndi pamene ambiri mumagona. Munthu amene wagwira usipikala ndi chipani pamodzi ndiye amasunga thumba la kampeni, ndiye amanena lamulo loti likambidwe ndi loti lifere m'kabati, ndipo mawu ake amalemera pojambula malire a madera ovotera kalembera wa anthu akachitika. Phungu wachinyamata wofuna ndalama za kampeni angamutsutse bwanji? M'dera loti chipani chimodzi chimapambana nthawi zonse, chisankho chenicheni ndi chachipulula, chimene ku Illinois chimachitika nthawi zambiri mu Marichi. Chimenechi ndicho inu mumachinyoza, mumati kukuzizira, mumati kuntchito. Ochepa amene amapita ndiwo amakusankhirani, ndipo ambiri mwa iwo amakhala atagogodedwa pakhomo ndi anyamata a bwana yemweyo. Pofika Novembala nkhani imakhala itatha kale.

Zobisika zinaululika mu 2020. Kampani ya magetsi ya ComEd inavomera kuti kwa zaka zambiri inkapereka ntchito ndi makontrakiti kwa anthu a Madigan, ena osagwira n'komwe ntchitoyo, pofuna kuti malamulo oikomera adutse, ndipo inalipira chindapusa cha madola 200 miliyoni. Ndiye taganizani, mayi wa ku Chicago amene mwezi ndi mwezi amalipira bilu ya magetsi ku kampani yomweyo, n'kumati za aphungu sizimukhudza. Mu Januwale 2021 aphungu anzake anamukana, usipikala unapita kwa Chris Welch, ndipo mwezi wotsatira Madigan anatula pansi uphungu. Mu Febuluwale 2025 khoti linamupeza wolakwa pa milandu 10 yokhudza ziphuphu ndi chinyengo, ndipo mu Juni anamulamula kukhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, ali ndi zaka 83. Onetsetsani apa: amene anamuchotsa si ovota. Mu Novembala 2020, nkhani ya ComEd ili pakamwa pa aliyense, dera lake linamusankhanso.

Musandimve molakwa, ukalamba pampando si mlandu. Fred Risser wa ku Wisconsin anakhala phungu zaka 64, kuyambira 1957 mpaka 2021, ndipo anapuma mwa kufuna kwake. Chimene ndikudzudzula ndi ulesi wanu. Mmene phungu anavotera pa lamulo lililonse zimalembedwa poyera pa intaneti, amene anamupatsa ndalama za kampeni amalembedwanso, koma inu foni ili m'manja tsiku lonse mukungotumizirana timavidiyo. Musanachonge dzina, fufuzani kuti munthuyo wavotera chiyani pa magetsi, pa misonkho, pa sukulu za ana anu. Ndipo tsiku la chisankho cha chipulula lilembeni pa kalendala, muvale jekete mupite.