Chenjezo kwa oyimbira mpira amene mukufuna kukwezedwa musanakonzeke

Loweruka lapitali ndinaitanidwa kuti ndikagwire wotchi pa bwalo lina la sukulu, pamene anyamata ndi atsikana oyimbira mpira m'maligi ang'onoang'ono a m'dera lathu ankadziyesa pokonzekera mayeso a mphamvu za thupi amene ayenera kukhoza asanakwezedwe kupita m'gulu lapamwamba. Ndinabwerako mtima ukuwawa, ndipo mpaka lero mkwiyo sunandichoke. Mnyamata wina, amene anthu ambiri amamutama kuti ali ndi diso lakuthwa pa bwalo, anagwa chafufumimba pa ulendo wa 23 mwa maulendo 40 othamanga mamita 75. Titamutembenuza tinapeza maso atayera, milomo itauma gwa, miyendo ikukokana, ndipo fungo limene linkatuluka m'kamwa mwake linali la mowa wa dzulo lake. M'chikwama chake munali zitini ziwiri zopanda kanthu za zakumwa zija amati n'zopatsa mphamvu, pamodzi ndi mankhwala a malungo amene anali asanamalize n'komwe kumwa. Tinamuthira madzi a m'chigubu, tinamukupiza ndi malaya, kenaka tinamukweza pa njinga yamoto ya kabaza, mnzake atamugwirira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala. Asananyamuke anatsegula maso n'kundiyang'ana, ndipo mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwake anali akuti, "Madala, chonde musalembe kuti ndalephera."

Munthu watsala pang'ono kusiya mkazi ndi mwana wakhanda, koma chimene chikumudetsa nkhawa ndi cholembera changa? Ana inu, mwalowedwa chiyani?

Muyeso umene FIFA inakhazikitsa, umene mabungwe a mpira a m'mayiko amatsata poyesa oyimbira awo, si chinsinsi kwa wina aliyense wa inu, ndipo ambiri muli nawo m'mafoni mwanu. Mukudziwa kuti woyimbira wapakati amayamba ndi kuthamanga mamita 40 kasanu ndi kamodzi, akupuma masekondi osapitirira 60 pakati pa ulendo ndi ulendo, ndiponso kuti mwamuna wa m'gulu lapamwamba sayenera kupyola masekondi 6.00 pa ulendo uliwonse, wa m'gulu lachiwiri masekondi 6.10, wa m'magulu otsika masekondi 6.20, pamene mayi wa m'gulu lapamwamba amapatsidwa masekondi 6.40. Mukudziwa kuti ukachedwa kamodzi amakupatsa ulendo wachisanu ndi chiwiri, ndipo ukachedwa kawiri nkhani yathera pomwepo. Mukudziwanso kuti pakangopita mphindi 6 mpaka 8, thukuta lisanaume, umalowa m'mayeso achiwiri, othamanga mamita 75 n'kuyenda mamita 25, kubwereza ka 40, komwe ndi kuzungulira bwalo la mamita 400 kakhumi. Mwamuna amapatsidwa masekondi 15 pa mamita 75 aliwonse, ndipo chimene chimasiyanitsa magulu ndi nthawi yopumira poyenda paja: masekondi 22 kwa a m'magulu otsika, 20 kwa a gulu lachiwiri, 18 okha kwa apamwamba. Kukwezedwa kumene mukukulirirako, tanthauzo lake ndi kulandidwa masekondi awiri a mpweya pa ulendo uliwonse, ka 40 konse. Ndiye mukuganiza kuti masekondi amenewo mukawapeza m'chitini cha chakumwa chotsekemera chimene mwagula pa golosale m'mawa wa tsiku lomwelo?

Chaka chonse munthu ali khale, mpira akuyimbira ataima pa bwalo lapakati ngati mlonda wa pa geti, madzulo ali pa bawo kapena pa botolo. Kalata ikangotuluka yakuti mayeso ali m'masabata awiri akudzawa, ndiye timamuona mbandakucha m'mphepete mwa msewu, atavala jekete lapulasitiki kuti atuluke thukuta lambiri, akuti akusungunula mimba. Wina amadzimana nsima masiku atatu kuti apepuke. Wina amameza mapilitsi opha ululu kuti bondo lotupa lisamveke. Wina amagula nsapato zatsopano dzulo lake, n'kubwera nazo zisanazolowere phazi, pofika ulendo wakhumi matuza ali tho. Wina amayenda usiku wonse pa minibasi, osagona, n'kutsikira pa bwalo penipeni. Kodi thupi limeneli munabwereka kwa yani, kuti muzilizunza chonchi? Kodi mtima wa munthu ndi injini ya chigayo, yakuti ukangothira dizilo n'kupukusa iyamba kulira?

Pali chinyengo china chimene ndiyenera kuchitchula, chifukwa chikuchokera kwa ife achikulire. M'masiku athu tinkayesedwa ndi mayeso a Cooper, othamanga mphindi 12 osaima, ndipo woyimbira wa FIFA ankayenera kukwanitsa mamita 2,700. Mayeso amenewo anasiyidwa kalekale chifukwa mpira suyenda pa liwiro limodzi. Komabe ndimamva anzanga ena akuuza ana kuti bola azithamanga pang'onopang'ono makilomita asanu m'mawa uliwonse, zonse zikhala bwino. Si zoona. Kuthamanga mamita 75 m'masekondi 15 ndi liwiro la makilomita 18 pa ola, ndipo munthu amene anazolowera kukwekwereza mapazi m'mbali mwa msewu akucheza ndi mnzake amamva bwino pa maulendo khumi oyambirira, amayamba kuwefuka akamafika pa 20, ndipo akamayandikira 30 miyendo imakhala ngati ya mwini. Ndakhala ndikuwaona akufika pa mzere phazi litatsalira, akulandira chenjezo loyamba, kenaka lachiwiri, n'kutuluka akutukwana wogwira wotchi. Wotchi yalakwa chiyani? Inu munayesapo ngakhale kamodzi kuyeza mamita 75 ndi tepi, kuika miyala iwiri, n'kuthamanga ka 40 pa nthawi yake musanabwere kudzachita manyazi pamaso pa anthu?

Nanu onyamula mbendera musadzinamize kuti nkhaniyi ikukulambalalani. Inu muli ndi mayeso a kutembenuka, othamanga mamita 10 kutsogolo, 8 cham'mbali kumanzere, 8 cham'mbali kumanja, n'kumalizanso mamita 10 kutsogolo, zonsezi m'masekondi 10 kwa mwamuna wa m'gulu lapamwamba ndi 11 kwa mayi. Kenaka mamita 30 kasanu, kupuma masekondi 30 okha. Loweruka lija ndinaona mnyamata akupingasa miyendo poyenda cham'mbali mpaka kudzikola yekha, umboni wakuti chiyambire chaka sanayesererepo. Kodi munthu wotere akakhala pa mzere umodzi ndi wotchinga kumbuyo womaliza pamene wosewera waliwiro wachoka ngati mphezi? Ofusayidi akaiona ndi maso, kapena akangokweza mbendera chifukwa anthu akuwa?

Tsopano za kalata ya dokotala, imene ena mwaisandutsa chiphaso chongogula. Mukuuzidwa kuti mupimidwe musanayesedwe, inu mukupita kwa mnzanu wogwira ntchito pa chipatala china kuti angodinda chidindo popanda ngakhale kukumangani lamba pa mkono kuti aone mmene magazi akuthamangira. Mukunamiza ndani? BP simveka kuwawa, imangogwetsa munthu. Matenda a mtima sachita odi. Malungo amasiya magazi atachepa ndi thupi litafooka ngakhale mutu utaleka kupweteka, ndipo amene akuthamanga liwiro lotere mankhwala asanathe akudzikumbira yekha manda. Chidindo chimenecho sichidzakudzutsani mukadzagwa. Ndipo inu amene mumadinda makalata a anthu amene simunawapime, dziwani kuti tsiku limene maliro adzatuluke pa bwalo, dzina lanu lidzakhala pa pepala limene lidzapezeke m'thumba la malemuyo.

Za kutentha ndiye musachite kufunsa. Janny Sikazwe wa ku Zambia sanali munthu wamba pa ntchitoyi. Anayimbira ndime yomaliza ya mpikisano wa Africa Cup of Nations mu 2017, anayimbiranso pa World Cup ya 2018 ku Russia, ndipo mayeso amene inu mukuwaopawa iye ankawakhoza chaka ndi chaka pa muyeso wapamwamba. Koma mu Januwale 2022, pa masewero a Tunisia ndi Mali mu mzinda wa Limbe ku Cameroon, dzuwa linamusokoneza mpaka anaimba wezulo yothetsa mpira pa mphindi ya 85, mpira utayambiranso n'kuuthetsanso mphindi 90 zisanakwane, ndipo pambuyo pake anapita naye kuchipatala chifukwa cha kutentha kwa thupi. Ngati dzuwa linachita zimenezo kwa munthu wokonzeka ngati ameneyo, nanga inu amene mukubwera pa bwalo mu Okutobala muli ndi matsire, musanamwe ngakhale kapu imodzi ya madzi, mukudalira chiyani? Mukuganiza kuti dzuwa la ku Chikwawa, la ku Salima kapena la ku Karonga lili ndi chisoni kuposa la ku Cameroon?

Sindingasiye kudzudzula anzanga ogwira wotchi. Alipo pakati pathu amene mwana wa mnzawo akachedwa amadina wotchi msanga, amene amasendeza chizindikiro mamita awiri kuti mtunda ufupike, amene amayang'ana kumbali phazi likalephera kufika pa mzere, ena chifukwa cha chibale, ena chifukwa cha kangachepe kamene alandira kuseri kwa kalasi. Amati akumuthandiza mwanayo. Kumuthandiza kotani kumeneko? Mukumutumiza ku masewero othamanga kuposa miyendo yake, kumene woyimbira amayenda makilomita 10 kapena kuposerapo m'mphindi 90, ndipo pa mphindi ya 80, pamene osewera atopa ndipo ndewu ili pafupi, iye adzakhala ali mamita 40 kumbuyo kwa mpira, manja ali m'chiuno, akupereka penate imene sanaione. Mukudziwa bwino chimene ochemerera athu amachita zikatero. Miyala ikayamba kuuluka, inu mudzakhala muli kunyumba kwanu mukumvera pa wailesi, iye akuthawira m'galimoto ya apolisi. Anthu adzanena kuti wadya ziphuphu, pamene vuto lake linali befu basi, ndipo mbiri ya oyimbira onse idzaipa chifukwa cha sekondi imodzi imene inu munamubera.

Ndikudziwa madandaulo anu, ndipo ena ndi oona. Ndalama imene woyimbira wa m'maligi ang'onoang'ono amalandira ndi yochepa, ambiri muli ndi ntchito zina zimene zimakutherani tsiku, ndipo si aliyense amakhala pafupi ndi bwalo lokhala ndi njira yothamangiramo ngati la Bingu National Stadium ku Lilongwe. Koma kodi bwalo la sukulu ya pulayimale limalipiritsa? Kodi wotchi mulibe m'mafoni amene mumakhalira pa WhatsApp usiku wonse? Bernadettar Kwimbira anachokera m'dziko lomwe lino, m'mabwalo afumbi omwewa, koma ananyamula mbendera pa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 ndi ku France mu 2019. Mukuganiza kuti kumeneko amasendeza zizindikiro chifukwa munthu wachokera ku dziko losauka? Mukuganiza kuti anafikako pokonzekera masabata awiri?

Ndipo inu amene munakhoza chaka chatha n'kukwezedwa, ndakuonani. Baji itangosokedwa pa chifuwa, mimba nayo inayamba kutsogola, yunifolomu ikuchita kukana kulowa m'kabudula. Mwaiwala kuti mayesowa amabweranso chaka chilichonse, ndipo amene walephera amachotsedwa pa ndandanda wa masewero mpaka atakhoza? Mudzayambanso kuvala majekete apulasitiki mbandakucha, kumeza mapilitsi, kusaka wodinda kalata? Mpaka liti?

Mnyamata uja anatuluka m'chipatala Lolemba, atamuika madzi a m'mabotolo usiku wonse. Ndinapita kukamuona kunyumba kwake, ndipo ndinapeza mayi ake atakhala pa mkeka pakhonde, maso ali ofiira, akundifunsa kuti, "Bambo, kodi ntchito ya wezuloyi ndi yophetsa ana athu?" Ndinasowa poyang'ana, chifukwa si wezulo imene inafuna kumupha. Iye mwini, ali gone pa mphasa, anayamba kundifunsa ngati pali njira yakuti dzina lake lilowebe pa mayeso enieni a sabata yamawa. Ndinamuuza pamaso pa mayi ake ndi mkazi wake kuti ndikadzamuona pa mzere woyambira tsiku limenelo ndidzamuchotsa ndi manja angawa, ndipo ndikubwereza mawu omwewo kwa wina aliyense wa inu amene akudwala, amene wagona ku mowa, amene sanapimidwe, kapena amene miyezi itatu yapitayi sanathamangepo mamita 75 pa wotchi. Khalani kunyumba. Ife tatopa kunyamula ana a eni pa kabaza chifukwa cha uchitsiru.